Londolani thumba la tirigu: kasankhidwe ka gemu yomanga mudzi wa nthawi ya malinga

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa boma pano pa Kasungu, ndipo anyamata ambiri obwera kudzaikitsa Windows amapempha kuti ndiwaponyeremo mpira kapena magalimoto othamanga. Koma alipo ena, owerengeka, amene amaima kumbuyo kwanga n'kumayang'anitsitsa tianthu tikukoka zipika pa sikirini, kenako n'kufunsa kuti, "Akulu, pa magemu omanga midziwa, yabwino kwambiri ndi iti?"

Dzina limodzi sindingakupatseni. Mukawaonera patali onse amafanana: malinga a miyala, matchalitchi, alimi osauka, Ulaya wa zaka za pakati pa 500 ndi 1500. Koma mukalowamo mupeza kuti ena ndi a nkhondo basi, ena ndi a malonda, ena ndi a njala yokhayokha. Chimene ndingachite ndi kukuonetsani kayesedwe kake, kuti bandulo yanu isathere pa gemu imene muitaye tsiku lomwelo.

Kayesedweko n'kosavuta. Iwalani kaye za kukongola kwa udzu ndi mitambo. Sankhani katundu mmodzi, kaya thumba la tirigu kaya chipika cha mtengo, mumulondole ndi maso kuchokera kumunda mpaka pakamwa pa munthu. Wanyamula ndani? Wayenda mtunda wotani? Akachedwa panjira, agone ndi njala ndani? Gemu iliyonse ili ndi yankho lake, ndipo yankho limenelo ndi limene lidzakukokeni kapena kukutopetsani sabata ikamatha.

Yambani mwafunsa makina anu

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, mudine Enter. Patsamba loyamba onani pamene alemba Memory, kenako pitani pa Display muone dzina la graphics card. Malaputopu ambiri amene amadutsa pa tebulo langa ndi aja anagwirapo ntchito m'maofesi akunja: Core i5 yakale, RAM ya 4 GB kapena 8 GB, ndipo pa Display pamalembedwa Intel HD kapena Intel UHD. Ngati yanu ili choncho musadandaule. Magemu ambiri otuluka chisanafike chaka cha 2010 ayenda bwinobwino, ndipo Banished ya 2014 nayonso iyenda. Koma Manor Lords muisiye kaye. Eni ake amafuna RAM yosachepera 8 GB, graphics card yapayokha ya mtundu wa GTX 1050 kupita m'mwamba, ndi malo okwana pafupifupi 15 GB. Banished imangofuna malo ochepera theka la GB imodzi. Kusiyana kumeneko mukakuika pa mtengo wa bandulo, nkhani yatha kale kwa ambiri a ife.

Chinanso ndi kutentha. Mu Okutobala kuno fumbi limalowa paliponse, ndipo ndikatsegula laputopu ya munthu wokonda magemu ndimapeza pakamwa pa fani patatsekeka ndi kansalu kotuwa ka fumbi ndi ulusi wa bulangete, kochita kusomphoka ndi pini. Musaseweretse laputopu ili pabedi. Ikani patebulo, ndipo kumbuyo kwake muikeko zitsekerero ziwiri za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Gemu ikayamba kudukiza pakatha mphindi makumi awiri pomwe poyamba imayenda bwino, vuto si gemuyo, ndi fani. Magemu akale alinso ndi ubwino wakuti sadya batire kwambiri, choncho magetsi akathima mumakhalabe ndi mpata wosunga gemu yanu mosathamanga.

Pogula pa intaneti, malo odziwika ndi awiri, Steam ndi GOG. Kwa ife GOG ndi yothandiza pa chifukwa chimodzi chachikulu: imakulolani kudawuniloda fayilo yoikira gemu, n'kuisunga pa flashi, ndipo simufunanso intaneti ngakhale mutasintha Windows. Steam imafuna mulowe kaye muakaunti, ndipo imakonda kuyamba yokha kukoka zosintha, choncho mukangomaliza kuika gemu muiike pa offline mode. Ubwino wake ndi wakuti ngati simunasewere maola awiri ndipo sipanathe masiku 14, amakubwezerani ndalama. Maola awiri amenewo ndi okwanira kulondola thumba lija. Mitengo imatsika kwambiri kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala, ndipo magemu akale nthawi imeneyo amagulitsidwa madola ochepa chabe. Pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kulipira kunja. Za makope obedwa oyenda m'maflashi sindinena zambiri. Ambiri mwa malaputopu amene ndimachotsa mavairasi anadwalira kumeneko. Wopanda khadi atenge gemu yotchedwa Widelands, ndi yaulere mwalamulo.

Kumene thumba limasanduka nambala

Age of Empires II ndi imene ambiri amaidziwa. Inatuluka mu 1999, opanga ake anali Ensemble Studios, oifalitsa anali Microsoft, ndipo inakonzedwanso mu 2013 ndi mu 2019. Londolani mlimi wake. Amalima, amanyamula, amakatula pa chigayo chimene mwamumangira pambali pa munda, ndipo pomwepo chakudyacho chimasanduka nambala pamwamba pa sikirini. Nambala imeneyo mungaigwiritse ntchito kumalire ena a mapu nthawi yomweyo. Palibe amene amadya. Munthu mumamugula kamodzi ndi chakudya 50, ndipo adzagwira ntchito osalawa kanthu mpaka muvi udzamupeze. Nyumba ndi mitengo 25 ndipo imangowonjezera malo a anthu asanu. Simudzaona wina akulowamo.

Choncho iyi si gemu yomanga mudzi kwenikweni. Ndi mpikisano wa liwiro la zala: kufika msanga pa chakudya 500 kuti mukwere m'badwo wachiwiri, kenako chakudya 800 ndi golide 200, kenako miyala 650 ya linga lalikulu. Ndi yokoma, sindikana, makamaka mukamapikisana ndi mnzanu. Ili ndi china chimene anzake alibe: mu 2015 anawonjezeramo The African Kingdoms, mmene muli a Mali, a Ethiopia ndi a Berber, ndi nkhani ya Sundjata amene anayambitsa ufumu wa Mali. Koma ngati chimene mukufuna ndi kuona mudzi ukukhala moyo, pitirirani.

Kumene mtengatenga ndiye mfumu

A ku Germany ndi amene anautenga mtima nkhani ya kunyamula katundu. The Settlers ya Blue Byte inatuluka mu 1993, yachiwiri yake mu 1996, ndipo Widelands imene ndatchula ija inatengera kwa yachiwiriyo. Mmenemo mumajambula msewu, n'kuzika mbendera. Pakati pa mbendera ziwiri zilizonse pamaima wonyamula mmodzi, amene amatenga katundu pa mbendera iyi n'kukamusiya pa inayo, wina n'kulandira. Langizo lake ndi limodzi: zikani mbendera pafupipafupi mmene gemu ingakulolereni, chifukwa mbendera zambiri ndiye onyamula ambiri. Mukaona katundu waunjikana pa mbendera imodzi, pamenepo ndiye pakhosi pa mudzi wanu; dulani msewu wina wolambalala. Anthu a m'migodi akapanda kulandira nsomba, nyama kapena buledi amasiya kukumba, wosula amasowa chitsulo, asilikali atsopano osatuluka. Vuto limayambira pa msodzi mmodzi amene munamumangira kutali.

Knights and Merchants ya 1998, ya Joymania, inapitiriza pamenepo mwankhanza. Nyumba iliyonse iyenera kulumikizidwa ndi msewu, ndipo mwala uliwonse wa msewuwo umachita kunyamulidwa pamanja. Thumba la tirigu limachoka kwa mlimi pamsana pa wantchito kupita kuchigayo, ufa pamsana pa wina kupita kwa wophika buledi, buledi pamsana pa wina kupita kunyumba yodyera. Ndiye aliyense, wodula mitengo, wosula, ngakhale wonyamula yemweyo, njala ikamupweteka amasiya ntchito n'kuyenda wapansi kukadya. Asilikali sapita okha. Mumachita kulamula kuti awapititsire chakudya kumene aima, ndipo mukalamula gulu lonse nthawi imodzi, onyamula onse amathamangira kumeneko, mudzi n'kuima chilili. Dyetsani magulu mosinthana. Nyumba yodyera muiike pakati, pafupi ndi ophika buledi ndi opanga masoseji. Onyamula aphunzitseni ambiri kuposa mmene mukuganizira, ngakhale aliyense amadya golide pa sukulu. Gemuyi ndi yochedwa kwambiri. Anthu oikonda anapanga KaM Remake imene imalola kuithamangitsa, koma imafuna mukhale ndi yoyambirirayo. Ine ndimaikonda, koma wosapirira asaiyambe.

Stronghold, imene ndimapatsa oyamba kumene

Firefly Studios ya ku London inatulutsa Stronghold mu 2001 ndi Stronghold Crusader mu 2002, ndipo mwa magemu akale onse, awiriwa ndi amene anapeza muyeso wabwino. Kulibe onyamula apadera. Aliyense amasenza zake. Mlimi amakolola tirigu n'kuyenda naye mpaka pabwalo losungira katundu. Anyamata a kuchigayo amamutenga pamenepo, n'kubweza ufa pabwalo pomwepo. Wophika buledi amatenga ufawo, amaphika, n'kukasiya buledi kunkhokwe. Mukangoona ulendo umenewu kamodzi, mwadziwa kamangidwe: chigayo chigundane ndi bwalo, ophika buledi akhale pakati pa bwalo ndi nkhokwe. Wodula mitengo amene mwamuika kutsidya kwa mapu amathera tsiku panjira. Miyala yokha ndi imene imakokedwa ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe imodzi pa mgodi wakutali siikwana.

Chakudya chikafika kunkhokwe chimangochepa chokha, anthu sayenda kukadya. Chimene muyenera kuyang'anira ndi buku limene mlembi wanyamula pakona ya sikirini. Mmenemo muli nambala ya mmene anthu akukukonderani, kuyambira 0 mpaka 100. Ikatsika pansi pa 50 anthu amayamba kusamuka, ndipo mumaona minda ikusowa olima. Msonkho umaitsitsa. Chakudya chochuluka chimaikweza, makamaka chikakhala chamitundumitundu: maapozi, tchizi, nyama ndi buledi. Mowa umaikweza, tchalitchi chimaikweza. Ndiye nzeru yonse ya gemuyi ndi kusinthanitsa: mumawapatsa mowa ndi chakudya chowirikiza kuti muwakweze msonkho, msonkhowo n'kugulira asilikali. Mungathenso kumanga zoopsezera, monga pokolowekera anthu, kuti azigwira ntchito mwamantha. Amagwiradi mwachangu, koma nambala ija imatsika ndipo asilikali amafooka. Nyumba imodzi imasunga anthu 8, koma musamange nyumba zambiri chakudya chisanakhazikike, chifukwa obwerawo amadya ngakhale akungowotha moto pakhomo pa linga osagwira ntchito.

Pa ziwirizi tengani Crusader. Ili m'chipululu, ndipo kulima kumatheka pa kadambo kobiriwira kokha, choncho mumalimbirana malo ndi adani kuyambira mphindi yoyamba. Ili ndi mndandanda wa nkhondo 50 zotsatizana, ndi adani a makhalidwe osiyana: Rat ndi wamantha ndipo linga lake ndi losalimba, muyambe ndi iyeyo, Wolf ndi Saladin muwasiyire m'tsogolo. Chimene Stronghold ilibe ndi nyengo. Kulibe dzinja, kulibe chisanu, munda umabereka chaka chonse. Stronghold yoyamba ija anaikonzanso mu 2023 ndi zithunzi zatsopano, koma pa laputopu yofooka Stronghold HD ndi Crusader HD za 2012 ndi zokwana.

Anno 1404 ya 2009 ndingoidutsa mwachangu, osati chifukwa ndi yoipa. Thumba lake limayenda pa sitima zapamadzi. Chilumba chilichonse chimabereka mbewu zake zokha, anthu anu akamatukuka amafuna zatsopano: oyamba amakhutira ndi nsomba ndi chakumwa cha maapozi, otsatira amafuna zokometsera ndiwo zochokera kuzilumba za kum'mawa, kenako buledi, mowa ndi mabuku. Ntchito yanu ndi kukonza njira za sitima. Ndi gemu ya munthu wokonda kuwerengera, ndipo anthu ake safa ndi njala mmene amafera mu imene ikubwerayi.

Banished: yesani chisanu choyamba

Apa kayesedwe kamawonjezeka. Kuwonjezera pa kulondola thumba, muone chimene chimachitika chaka choyamba chikamatha. Banished inatuluka mu Febuluwale 2014, ndipo anaipanga munthu mmodzi, Luke Hodorowicz, pansi pa dzina la Shining Rock Software. Mulibe nkhondo, mulibe mfumu, mulibe ndalama. Muli mabanja anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi, malinga ndi mmene mwasankhira kuvuta kwake, ataponyedwa m'tchire, chisanu chikubwera.

Aliyense wa kuno amene anaonapo nkhokwe ikupepuka mu Febuluwale, chimanga cha kumunda chisanakhwime, amaimva gemuyi msanga kuposa mzungu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko miyezi yoopsa ndi ya chipale, ndipo pamodzi ndi chakudya pamafunika nkhuni ndi zovala.

Londolani thumba. Zokolola zimapita ku nkhokwe yaikulu. Kenako munthu wa banja lililonse amayenda kukatapa n'kukasunga kunyumba kwake, ndipo njala kapena kuzizira zikamugwira ali kuntchito, amabwerera kunyumba komweko. Ndiye n'zotheka nkhokwe kukhala yodzaza koma banja lakutali n'kufa. N'zothekanso kuti mukamanga nyumba zisanu nthawi imodzi, mabanja atsopanowo akokolola nkhokwe yonse kukadzaza m'nyumba zawo, otsalawo n'kupeza mulibe kanthu. Mangani nyumba imodzi kapena ziwiri pachaka, osaposa, mpaka mutaona chakudya chikutsala.

Chaka choyamba musadalire munda. Mangani kanyumba ka otola zam'tchire pakati pa nkhalango yokhwima, pambali pake kanyumba ka alenje ndi ka osamalira mitengo, ndipo ngati mtsinje uli pafupi, doko la asodzi. Otola zam'tchire ndi amene amapulumutsa mudzi, koma amafuna mitengo ikuluikulu, choncho musagwetse nkhalango imene akutolamo. Werengerani kuti munthu aliyense amadya chakudya pafupifupi 100 pachaka. Anthu 30 ndiye 3,000, ndipo muyenera kukhala ndi chotsala. Wowaza nkhuni akhalepo chisanu chisanafike. Wosula zitsulo asachedwe, chifukwa zida zikatha aliyense amagwira ntchito pang'onopang'ono, chakudya chimachepa, anthu amafa, wosulayo n'kusowa womubweretsera chitsulo. Mudzi ukalowa m'dzenje limenelo kutulukamo n'kovuta.

Msampha weniweni umabwera mochedwa, pamene mukuona ngati zonse zili bwino. Anyamata ndi atsikana sabereka ngati alibe nyumba yawoyawo. Mukasiya kumanga kwa zaka zingapo poopa njala, simuona vuto lililonse lero. Koma anthu a mu Banished amakalamba msanga, ndipo tsiku lina mudzapeza mudzi wa nkhalamba zokhazokha zikufa motsatizana, ana oti alowe m'malo kulibe. Muziyang'ana nambala ya ana pambali pa ya akulu nthawi zonse. Sukulu imachedwetsa ana kuyamba ntchito, amene popanda sukulu amayamba ali ndi zaka 10, koma ophunzirawo amatulutsa zambiri moyo wawo wonse. Imangeni mudzi ukangoima pa miyendo yake. Amalonda akafika pa doko, nkhuni ndiye katundu wabwino wosinthanitsa ndi mbewu ndi ziweto.

Kwa ine iyi ndiye gemu imene inasintha mtundu wonsewu. Zambiri zimene zatuluka pambuyo pake ndi ana ake.

Atsopano: nthaka ndi mabanja

Farthest Frontier ya Crate Entertainment inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe mu Ogasiti 2022. Inatenga mafupa a Banished n'kuwonjezera nthaka. Munda uliwonse uli ndi chonde chake, udzu wake, miyala yake, ndi muyeso wa mchenga ndi dongo, ndipo mumakonza kasinthasintha wa mbewu wa zaka zitatu. Tirigu amadya chonde kwambiri. Nyemba, nsawawa za kumeneko ndi kaudzu kotchedwa clover zimabwezera. Mukabwereza mbewu imodzi pamalo amodzi matenda amagwa. Munda watsopano musaufulumizire: chaka choyamba upatseni nthawi yozula udzu ndi kutola miyala, ndipo zinyalala za m'mudzi muzipititsa kopangira manyowa. Chakudya chimawola, ndiye thumba lanu liyenera kufika mosungira mozizira kapena kuumikidwa pa utsi, apo ayi makoswe ndi nthawi zithana nalo. Muli matenda a m'mimba ochokera ku madzi oipa, zimbalangondo, ndi achifwamba amene mungathe kuwazimitsa ngati simufuna nkhondo. Chenjezo langa ndi lakuti mudzi ukakula gemuyi imalemera, ngakhale pa makina abwino.

Foundation ya Polymorph Games, ya ku Quebec, ndi yofatsa. Simujambula misewu, mumapaka utoto pamalo pamene mukulola anthu kumanga, iwo n'kumaponda njira zawo okha. Ndi yabwino kwa wofuna kupumula.

Ndiye pali Manor Lords, imene aliyense amaionera pa YouTube n'kubwera kudzandifunsa. Inatuluka pa 26 Epulo 2024, nayonso isanamalizidwe, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo anaigwira munthu mmodzi wa ku Poland, Greg Styczeń. Makope opitirira 1 miliyoni anagulidwa m'masiku awiri oyamba. Imatsanzira chigawo cha Franconia ku Germany m'zaka za m'ma 1300, ndipo kukongola kwake sikokokomeza: mungatsike n'kumayenda wapansi m'mudzi wanu, matope ali m'njira.

Koma londolani chipika. Mumayamba mu Malichi ndi mabanja asanu ndi ng'ombe imodzi. Chipika chilichonse chomangira chimakokedwa ndi ng'ombe imeneyo, chimodzichimodzi. Mukalamula nyumba zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi, amisiri amangokhala pansi kudikira ng'ombe. Ndalama zoyamba gulirani ng'ombe yachiwiri, ndipo khola lake likhale pafupi ndi odula mitengo. Katundu amene mwafika naye ali pamtetete ndipo mvula imamuwononga, choncho nkhokwe ndi nyumba yosungira katundu zimangidwe msanga. Ntchito simupatsa munthu, mumapatsa banja, ndipo mabanja amene simunawapatse ntchito ndi amene amamanga. Mukagawa onse, palibe chimene chimangidwe. Siyani banja limodzi lopanda ntchito nthawi zonse.

Chinthu chimene ndimachikonda kwambiri mmenemo ndi mapuloti. Mumajambula nokha malire a puloti, ndipo mukaitalikitsa kumbuyo, banja limapeza malo a dimba la masamba, nkhuku kapena mbuzi. Mapuloti awiri aatali a masamba amadyetsa mudzi waung'ono kuposa munda wa tirigu, umene umafuna kulima, kufesa, kukolola mu Seputembala, kupuntha, chigayo ndi uvuni, manja onsewo musanakhale nawo. Tirigu mumuyambe chaka chachiwiri kapena chachitatu, mutayang'ana kaye mapu a chonde, ndipo munda uzigonera chaka china. Anthu akamakukondani kupitirira 50 pa 100, ndipo nyumba yopanda munthu ilipo, banja latsopano limafika mwezi uliwonse.

Nkhondo yake ndi imene imasiyanitsa gemuyi ndi Stronghold. Asilikali ambiri si anthu ogula. Ndi abambo ndi anyamata a m'mabanja omwewo. Mukawaitana kunkhondo nthawi yokolola, tirigu amatsala m'munda. Akafa khumi, mabanja khumi achepa manja. Pamenepo mumaganiza kawiri musanathamangitse achifwamba. Komabe ndinene mosabisa: pakatha zaka zingapo za m'gemu, zochita zimayamba kuchepa, chifukwa sinathe kupangidwa. Kugula laputopu yatsopano chifukwa cha iyo yokha ndi kutaya ndalama.

Ndikamaona wosula wa mu Manor Lords akudikira chitsulo chochokera ku ng'anjo, ndimakumbuka kuti mu Kasungu National Park muli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zotsalira za midzi ya malinga. Mwana wa kuno wodziwa kulemba mapulogalamu atafuna kupanga gemu ya kwathu, sangasowe poyambira.

Ndiye mutenge iti?

Laputopu ya Intel HD ndi mtima wofuna kumenyana: Stronghold Crusader. Laputopu yomweyo koma mtima wofuna kulera mudzi: Banished, ndipo muyambe pa Medium, kuvuta kwapakati, masoka mutawazimitsa, mpaka mutadutsa zaka khumi popanda maliro a njala. Mukaona kuti chimene chikukusangalatsani ndi kumasula misewu yothinana, pitani ku Widelands kapena Knights and Merchants. Wa makina amphamvu amene amakonda ulimi atenge Farthest Frontier asanatenge Manor Lords. Ili ndi zochita zambiri pa ndalama yake. Iliyonse imene mwasankha, yatsani autosave pa mphindi zisanu ngati ilipo, ndipo muzisunga m'mafayilo awiri mosinthana, chifukwa magetsi akathima gemu ili pakati posunga, fayiloyo imawonongeka. Magemu osamalizidwa ngati Manor Lords, zosintha zikabwera nthawi zina mudzi wakale sutsegukanso bwino, choncho malizani mudzi wanu musanalole kusintha.

Mukafuna kumenyana ndi mnzanu pa Crusader HD, intaneti siifunika. Yatsani hotspot pa foni, data mutaizimitsa, malaputopu onse awiri alumikizidwe pamenepo. Pa Windows 10 ndi 11 lowani pa Turn Windows features on or off, tsegulani Legacy Components, muchonge DirectPlay pa makina onse awiri. Imeneyi ichiteni pasadakhale muli ndi data pang'ono, chifukwa nthawi zina Windows imafuna kukoka kafayilo. Woyambitsa gemu atsegule cmd, alembe ipconfig, awerengere mnzake nambala ya IPv4, mnzakeyo ailembe posankha TCP/IP. Zikakanika kuonana, lolani gemuyo pa firewall, ndipo onetsetsani kuti nonse muli ndi version imodzi.